Kasemedwe ndi kapakidwe ka mbale ya Kamakura-bori

Mu mzinda wa Kamakura ku Japan, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchoka ku Tokyo, muli luso lotchedwa Kamakura-bori. Amisiri ake amasema maluwa kapena mizere yopotana pa mbale, mathireyi, timabokosi ndi kumbuyo kwa magalasi a m'manja, kenaka n'kupaka utomoni wa mtengo wa urushi maulendo angapo mpaka chinthucho chifiire modera. Mukachinyamula chimapepuka kuposa mmene maso amaganizira, ndipo chala chimamva paliponse pamene mpeni unadutsa.

Kwathu kuno wosema chiboliboli akamaliza amatenga sandipepa n'kukwecha mpaka chisalale see, kenaka polishi. Ku Kamakura kuteroko n'kupha ntchito. Mapazi a mpeni amawasiya dala, ali nalo ndi dzina lake, tokon, ndipo utomoni umabwera kudzawaonetsa, osati kudzawakwirira. Pafupifupi lamulo lililonse limene mukumane nalo m'munsimu likuchokera pamenepa.

Mbiri yake ndi yofunika kuidziwa chifukwa ndiyo imafotokoza ndondomeko ya ntchito. M'zaka za m'ma 1200 Kamakura ndiye linali likulu la boma la ankhondo, ndipo kunamangidwa akachisi akuluakulu a Chibuda cha Zen monga Kencho-ji mu 1253 ndi Engaku-ji mu 1282. Kuchokera ku China kunkabwera timabokosi ta lubani ndi mbale zimene anthu a kumeneko ankapanga popaka utomoni maulendo ochuluka zedi, pena kupitirira 100, mpaka utachindikala moti n'kusemapo. Ntchito yotere inkadya miyezi yambirimbiri komanso utomoni wosaneneka. Amisiri osema mafano a Buddha anangoitembenuza: kusema mtengo poyamba, kupaka pambuyo. Kuyambira mu 1868 boma latsopano la Mfumu Meiji linalekanitsa Chishinto, chipembedzo cha makolo a ku Japan, ndi Chibuda, akachisi ambiri anaphwasulidwa, maoda a mafano anaphwa, ndipo mabanja a osema monga la Goto ndi la Mitsuhashi anatembenukira ku ziwiya za m'nyumba. Njanji ya Yokosuka itafika mu 1889 inabweretsa alendo ndi anthu olemera omanga nyumba zopumulirako, amene anakhala msika watsopano. Mu 1979 boma linaika Kamakura-bori pa mndandanda wa maluso a makolo ovomerezeka. Lero sitolo ya Hakkodo ya banja la Goto ikadalipo pafupi ndi khomo la kachisi wa Tsurugaoka Hachimangu, ndipo pa msewu wa Wakamiya Oji pali nyumba ya Kamakurabori Kaikan momwe muli malo osungiramo zakale komanso makalasi.

Ku Kamakura ntchitoyi imagawidwa patatu: wina amakonza thabwa, wina amasema, wina amapaka. Ophunzira ambiri amangosema n'kupereka mbale yawo kwa mmisiri wopaka. Pano tiyenda njira yonse, ndi mbale yaing'ono ya masentimita 15 mpaka 18 yokhala ndi duwa limodzi.

Musanatsegule chubu cha utomoni

Urushi si penti ndipo si vanishi. Ndi utomoni wa mtengo umene amaukanda khungwa kuyambira cha mu June mpaka cha mu October, patapita masiku anayi kapena asanu n'kukandanso. Mtengo umafuna zaka 10 mpaka 15 kuti ukule, ndipo umapereka pafupifupi magalamu 200 okha m'nyengo yonseyo, kenaka amaudula kuti chitsa chiphukirenso. Utomoni wambiri wa m'dziko la Japan umachokera ku Joboji m'chigawo cha Iwate, koma woposa 90 peresenti wa umene amisiri amagwiritsa ntchito ndi wogula kunja, makamaka ku China. Mukamafinya chubu muzikumbukira zimenezi, dzanja lidzapepuka lokha.

Chachiwiri, utomoniwu ukakhala wosauma umaotcha khungu. Mtengo wa urushi ndi pachibale ndi mango komanso kashu, ndiye amene munatupapo milomo ndi utomoni wa mango aawisi samalani kawiri. Ziwengo zake sizituluka pomwepo. Zimatha kudikira tsiku, masiku awiri, pena kuposerapo, kenaka kuyabwa, matuza, ndipo zimakhala pafupifupi milungu iwiri. Valani magolovesi a labala, malaya a mikono yaitali, ndipo musadzikande kumaso muli pa ntchito. Ukakudontherani, pukutani kaye ndi mafuta ophikira pa kansalu, kenaka musambe ndi sopo. Madzi okha amangoufalitsa. Nkhope kapena zikope zikatupa, pitani ku chipatala.

Thabwa

Amisiri a ku Kamakura amakonda mtengo wa katsura, wambiri wochokera ku chilumba cha Hokkaido. Ndi wofewa bwino, mitsempha yake ndi yothithikana mofanana paliponse, ndipo mpeni umauyenda mbali iliyonse popanda kuthetheka kwambiri. Ena amatenga mitengo ina yotchedwa icho kapena ho. Thabwa amaliumika miyezi 6 mpaka chaka kapena kupitirira, amalizunguza pa makina kuti litenge maonekedwe a mbale mwachisawawa, amaliumikanso, kenaka n'kulimalizitsa. Kuumika kawiriku n'kofunika chifukwa mbale imene yapindika itapakidwa kale palibe woiwongola.

Kumene katsura sapezeka, funani mtengo wouma wopanda mfundo, wopanda mafuta komanso wopanda utomoni wakewake. Pophunzirira mpeni, malaina kapena jakaranda angakuthandizeni. Paini musiyeni, chifukwa mizere yake ina ndi yolimba ina yofewa, mpeni umadumphadumpha, ndipo utomoni wake umasokoneza urushi. Thabwa likhale lochindikala masentimita osachepera 1.5 kuti mukhale ndi posema popanda kuboola.

Chithunzi

Maluwa amene amaoneka kawirikawiri ndi botan, duwa lalikulu la masamba ambiri opiringizana, ndi tsubaki, la masamba ochepa okhuthala. Palinso guri, mizere yopotana ngati nkhono imene inachokera ku mbale za ku China zija. Woyamba kumene atenge tsubaki limodzi ndi masamba awiri kapena atatu. Botan amakopa maso, koma amafuna kuti mudziwe kale tsamba liti lili pamwamba pa linzake m'malo makumi angapo.

Jambulani pa pepala lopyapyala kukula kwenikweni kwa mbaleyo. Mwa makolo, mizereyo amaibwereza ndi utoto wobiriwira wosungunuka m'madzi wotchedwa aotake, amanyowetsa thabwa pang'ono, amagoneka pepalalo chafufumimba n'kusisita, utoto n'kutsalira pa thabwa. Dziwani kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pa galasi. Pepala la kaboni limagwiranso ntchito. Musanagwire mpeni, tengani pensulo mudetse mbali zonse zimene zikhale pansi, ndipo pamene masamba awiri akumana muike kachizindikiro kosonyeza lomwe likulowa kunsi kwa linzake. Musadzaze mbale yonse. Malo opanda duwa ndiwo adzanyamule mapazi a mpeni, ndipo ine ndimaona kuti mbale zabwino kwambiri ndi zimene duwa lakhala chakumbali n'kusiya bwalo.

Mipeni ndi kunola

Mitundu itatu ikukwanirani: kogatana, mpeni wa msonga yopendekeka, hirato, wophwatalala ngati tchizulo, ndi maruto, wokhota ngati ngalande. Nolani pa mwala wa madzi, woyamba wokhakhala pang'ono, womaliza wosalala, mbali yopendekeka itagona yonse pa mwala ndipo kumbuyo kwake mungokhudzitsa pang'ono kuchotsa kamlomo kachitsulo. Yesani pa kachidutswa ka thabwa lomwelo modutsa mitsempha. Podula pakawala, mpeni wathwa. Pakatuwa ndi kuoneka ngati pali ubweya, bwererani ku mwala. Malo otuwawo amamwa utomoni wambiri n'kuda mosiyana ndi anzake, ndipo adzaonekera mpaka kalekale.

Kusema, m'magawo anayi

Gawo loyamba ndi tachikomi. Ndi kogatana, dulani motsata mzere uliwonse wa chithunzi, mozama mamilimita awiri kapena atatu. Mpeni usaime chilili ndipo usalowe kunsi kwa duwa. Upendekeke pang'ono moti khoma la duwalo likhale lotambalala kunsi ngati chulu. Khoma lolowa m'kati limabenthuka, ndipo burashi ya utomoni sifikako. Pokhota, zunguzani mbale m'malo mopotoza mkono. Dzanja logwira mbale likhale kumbuyo kwa msonga nthawi zonse. Ndi bwino kudutsa kawiri mopepuka kusiyana n'kukanikiza kamodzi mpeni n'kupulumuka.

Gawo lachiwiri ndi kiwadori. Apa mumachotsa mtengo kunja kwa mzere uja, mukudula mopendekeka kulunjika kumene munadula poyamba, kachidutswa n'kuthothoka kokha. Duwa limayamba kutukuka. Kachidutswa kakakana kuchoka musakatukule ndi msonga ya mpeni, chifukwa mudzathyola msongayo kapena kung'amba tsamba. Kukanako kukutanthauza kuti mabala awiriwo sanakumane pansi, ndiye bwerezani loyamba lija.

Gawo lachitatu, konashi, ndilo mtima wa ntchito yonse, ndipo pano musawerenge maola. Mukuumba duwalo tsopano. Tsamba lililonse litsike polowa kunsi kwa linzake ndi kukwera chakumphepete. Mbale yonse mwina mwaizamitsa mamilimita atatu kapena anayi okha, koma diso liyenera kuona ngati duwa lili ndi mimba. Chimene chimanamiza diso si kuya ayi, ndi kapendekeke: khoma loima kwambiri limagwetsa mthunzi wakuda n'kuoneka lakuya, pamene lotsetsereka pang'onopang'ono limaoneka lapatali. Choncho ikani nyale mbali imodzi, chakumanzere ngati mumagwira ndi dzanja lamanja, ndipo muzisema mukuyang'ana mthunzi. Mitsempha ya masamba idulidwe kawiri, mbali iyi ndi iyo, kuti ngalande yake ikhale yosongoka pansi. Mpeni ukayamba kulira mokhadzula kapena kunyamula tizibenthu, ndiye kuti mukutsutsana ndi mitsempha ya thabwa. Tembenuzani mbale muchokere mbali inayo.

Mukumbukirenso kuti utomoni ndi ufa zimene zikubwera zidzadya pang'ono kuthwa kwa m'mphepete monse. Mzere umene ukuoneka wokwanira pa thabwa loyera udzaoneka wofooka ukapakidwa. Semani molimba mtima pang'ono kuposa mmene mukufunira kuti zidzaonekere, ndipo tizinthu tating'ono kwambiri tisiyeni, tidzangomira.

Gawo lachinayi ndi tokon, mapazi a mpeni pa bwalo lozungulira duwa. Ndi hirato kapena maruto wosakhota kwambiri, chotsani timapepe ta mtengo motsatizana, phazi lililonse likupsompsona linzake, osasiya malo amene mpeni sunapondepo. Ena amayendetsa mapaziwa mozungulira mbale, ena mopingasa ngati mafunde a pa nyanja kukawomba kamphepo. Akafanana kwambiri amaoneka ngati a makina, akasiyana kwambiri amaoneka ngati ngozi. Njira yake n'kusankha mbali imodzi yolowera ndi kukula kumodzi, kenaka n'kulola dzanja liyende mwa kayendedwe kake popanda kubwerera kukakonza. Amisiri amazindikirana ndi mapazi amenewa monga mmene timazindikirira munthu ndi kalembedwe kake. Mukamaliza, sasani fumbi ndi burashi youma. Sandipepa angokhudza kunsi ndi m'mphepete mwa mbale, pa duwa ndi pa bwalo asafikepo. Kuyambira pano mbale muziigwira ndi magolovesi, popeza thukuta ndi mafuta a m'manja zimaletsa urushi kuuma.

Kabati yonyowa

Apa ndi pamene nzeru ya penti imasocheretsa. Urushi suuma ndi dzuwa kapena mphepo. M'kati mwake muli kanthu kotchedwa laccase kamene kamatenga okosijeni n'kumangirira utomoniwo kuti ulimbe, ndipo kanthuka kamagwira ntchito pokhapokha pali chinyezi ndi kufunda: madigiri 20 mpaka 30, chinyezi cha 70 mpaka 85 peresenti. Mukauika pa dzuwa pouma ukhoza kukhala womata milungu. N'chifukwa chake wopaka aliyense ali ndi kabati ya matabwa yotchedwa muro kapena furo, imene amainyowetsa m'kati.

Kunyumba katoni yolimba yokhala ndi chivundikiro ikwanira. Yalani pulasitiki pansi, pamwamba pake thaulo lonyowa lofinyidwa, kenaka timitengo tiwiri togonekapo mbale kuti isakhudze thaulolo. Gulani kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi, n'kotchipa poyerekeza ndi chubu cha utomoni. M'nyengo yozizira utomoni umachita ulesi, ndipo kukazizira kwambiri umangoima. M'nyengo ya mvula yotentha umathamanga, pamwamba n'kuuma kunsi kukadali kwamadzi, zotsatira zake makwinya. Malo opakira akhale opanda fumbi: kolopani ndi madzi, tsekani mawindo, ndipo juzi yaubweya muivule.

Kumwetsa thabwa ndi kuika maziko

Kupaka koyamba, kijigatame, ndi kwa utomoni wauwisi wotchedwa ki-urushi. Potuluka m'chubu umaoneka ngati tiyi wamkaka, ukakumana ndi mpweya umayamba kudera. Ena amausungunula pang'ono ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti, kuti ulowerere. Pakani paliponse, kutsogolo, kumbuyo ndi m'timakwawa tonse, thabwa limwe mpaka likhute, kenaka pukutani wotsala ndi nsalu ya thonje yosathothoka. Ikani m'kabati tsiku limodzi kapena awiri. Ntchito ya ulendo umenewu n'kulimbitsa mtengo ndi kutseka njira za madzi.

Kenaka makiji. Pakani ki-urushi mopyapyala mofanana paliponse, ndipo usanaume wazani ufa wosalala kwambiri wa makala kapena wa mwala wotchedwa tonoko. Sasani wotsala ndi burashi yofewa, makamaka m'makwawa, mubwezere m'kabati. Ukauma, pakaninso utomoni pang'ono kuti ufawo umangike, kenaka mukwechepo mopepuka. Ziwiya zina za urushi amaziika maziko ndi phala lokhuthala lomatidwa ndi kathabwa, koma pa mbale yosema phalalo likanadzaza mapazi a mpeni onse. Ufa wowaza umatsata chitunda ndi chigwa chilichonse ngati mame.

Mawu pang'ono pa za burashi. Ya amisiri imapangidwa ndi tsitsi la munthu lothinikizidwa pakati pa timatabwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, moti ikatha amaisongola ngati pensulo. Mukamaliza ntchito itsukeni ndi mafuta a mbewu monga a kanola, mukufinya ndi kathabwa mpaka utomoni wonse utatuluka, ndipo muisunge ili ndi mafutawo. Tsiku lotsatira, musanaiviike mu utomoni, chotsani mafuta onse ndi turpentine. Oyamba kumene ambiri amene amadandaula kuti urushi wawo sukuuma, mlandu umapezeka uli pa burashi yamafuta.

Wakuda kawiri

Nakanuri ndi kupaka utomoni wakuda, umene umada chifukwa chosakanizidwa ndi chitsulo. Usefeni kaye poufinya m'pepala lopyapyala lolimba. Ku Japan amagwiritsa ntchito pepala la Yoshino. Yambani ndi m'makwawa ndi kaburashi kakang'ono, kenaka bwalo, ndipo pomaliza bwererani m'makwawa muja ndi burashi yofinyidwa kukatapa utomoni umene watsetserekeramo. Mdani wamkulu wa mbale yosema ali pomwepa. Utomoni umathawa pa zitunda n'kukadikha m'zigwa, ndipo podikhapo mpomwe pamachita makwinya. Khwinya likachitika palibe chidule: mudikire masiku ambiri liume mpaka pansi, mulipale, muyambirenso. Ulendo uliwonse upyapyale kuposa pepala la m'kope.

Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, uzirani mpweya wa m'kamwa pa mbale. Nthunzi ikagwira yoyera n'kuzimirira msanga, wauma. Kwechani ndi madzi pang'ono pogwiritsa ntchito kachidutswa ka khala lofewa, lodziwika kwambiri ndi Suruga-zumi, kapena sandipepa wa m'madzi wa nambala 800 mpaka 1000 wodulidwa tizidutswa tating'ono. Cholinga n'kupha kunyezimira kuti ulendo wotsatira ugwire, osati kufafaniza zitunda. Pa misana ya masamba dzanja lipepuke kwambiri, poti pamenepo utomoni ndi wochepa ndipo mtengo umatulukira msanga. Pukutani, iume, mubwereze wakudawo kachiwiri, mukwechenso.

Wofiira ndi ufa wa makomo

Uwanuri ndi ulendo wapamwamba. Amatenga suki-urushi, utomoni umene anautakasa ndi kuutenthetsa pang'ono mpaka madzi ake ambiri atachoka n'kuyamba kuonekera m'kati ngati uchi, n'kuusakaniza ndi ufa wofiira. Wa makolo ndi shu, wofiira psuu, wopangidwa ndi mercury ndi sulufule. Wina ndi bengara, wochokera ku dzimbiri la chitsulo, wofiira modera ngati katondo. Woyamba kumene agule wosakaniza kale m'chubu, chifukwa kupera ufa mu utomoni mpaka timibulu tonse titatha ndi luso palokha. Sefani, pakani mopyapyala mofanana, tapani m'makwawa monga kale. Kabati ya ulendo uno isanyowe kwambiri poyamba, pakuti wofiira akauma mothamanga amada.

Tsopano pabwera chimene chimapatsa Kamakura-bori nkhope yake, njira ya hikuchi imene inakhazikika m'nthawi ya Meiji. Makomo ndi chomera cha m'madambo chooneka ngati bango. Tsinde lake likagwidwa ndi kachuku kena limatupa n'kudzaza ufa woderako, wachibale ndi ufa wakuda uja umatuluka m'chimanga chodwala chotupa. Ufa umenewu, wouma ndi wosefedwa, ndiwo amawaza pa wofiira atatsala pang'ono kuuma.

Nthawi yake ndi yopapatiza, ndipo wotchi singakuuzeni popeza imasintha ndi nyengo. Mukafulumira, ufa umamira mu utomoni, mbale n'kuda bii ndi kukhakhala. Mukachedwa, sugwira n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: muzitsegula kabati pafupipafupi n'kuuzira mpweya pang'ono. Utomoni ukadali wamadzi suonetsa nthunzi. Nthunzi ikayamba kuoneka yobiriwira motuwa ngati utsi n'kuzimirira, nthawi yakwana. Nzeru ina n'kupaka kathabwa kapadera nthawi imodzi ndi mbale, kuti muzikakhudza ndi nsonga ya golovesi. Kazimata pang'ono koma osasiya utoto. Musayambe ulendo umenewu madzulo ngati simukufuna kudzuka pakati pa usiku.

Nthawi ikakwana, tapani ufa ndi thonje kapena burashi yofewa, muwaze mbale yonse n'kusisita mofatsa kuti ulowe m'kakwawa kalikonse. Sasani wotsala, mubwezere m'kabati masiku angapo mpaka iume gwa. Potuluka imaoneka yomvetsa chisoni, yotuwa ngati yakhalitsa pa tsindwi la khitchini. Musataye mtima. Tengani nsalu yonyowa ndi tonoko pang'ono muyambe kupukuta. Pa zitunda ufa umachoka, wofiira n'kutulukira. M'zigwa umatsalira n'kukhala mthunzi. Phazi lililonse la mpeni limadzuka, m'mphepete mwake mofiira, m'kati mwake modera. Muziima kawirikawiri n'kuyang'ana mbale chapatali, chifukwa ufa umene mwachotsa sungabwererenso. Mukapitiriza pang'ono pa misana ina, wakuda wa pansi uja amasuzumira, ndipo pang'ono pokha zimakongola ngati chiwiya chimene chagwira ntchito zaka zambiri. Makomo akasowa, ena amayesa ufa wosalala wa makala, koma mthunzi wake umakhala wakuda mozizira, wopanda kufunda kwa makomo.

Kusisita komaliza

Suri-urushi ndi wosavuta koma amafuna kubwereza. Donthezani ki-urushi pang'ono, mufalitse mbale yonse ndi kansalu kapena burashi, kenaka mupukute ndi nsalu yoyera mpaka muone ngati palibe chatsala. M'makwawa lowetsani nsalu yokulunga pa kamtengo kosongoka. Kamene katsalira osaoneka ndi maso ndiko kakufunika. Ikani m'kabati usiku umodzi, mupukute mopepuka ndi mwaye wosalala pa nsalu yofewa, mubwereze. Maulendo awiri kapena atatu amapereka kuwala kofatsa, asanu kapena kuposerapo kuwala kozama. Ine ndimakonda kulekezera pakati, chifukwa mbale yonyezimira kwambiri imathobwa maso n'kubisa mapazi a mpeni amene tawavutikira chonchi.

Mukawerengera masiku onse odikira, kupaka kokha kumatenga mwezi kapena kuposerapo.

Mbale ikatha

Musaidyere pomwepo. Pamwamba pauma, koma m'kati utomoni umapitiriza kulimba, ndipo anthu a khungu losachedwa kugwidwa amatha kuyabwidwa ndi mbale yatsopano. Isiyeni mwezi umodzi mpaka itatu pa malo a mthunzi podutsa mpweya. Fungo likakanirira, ku Japan amaikwirira masiku angapo mu mpunga wosaphika. Mtundu wake nawo musauweruze msanga. Wofiira watsopano amakhala wodera, ndipo m'miyezi yotsatira utomoni umanka nuyera m'kati, kufiirako n'kumatseguka.

Urushi wouma saopa madzi, mchere, mowa kapena zowawasa, koma amaopa dzuwa, limene limamufwifwitsa ndi kumuphwanya pang'onopang'ono. Tsukani ndi madzi ofunda ndi kansalu kofewa, sopo pang'ono ngati pali mafuta, m'makwawa mudutse ndi kaburashi kofewa, ndipo mupukute nthawi yomweyo. Musaiviike m'madzi usiku wonse, musaikweche ndi sitiliwulu kapena mchenga, musaiike mu mayikulowevu kapena mu furiji, ndipo musaisanjikize ndi mbale zadothi popanda kansalu pakati. M'miyezi youma kwambiri ngati October wa kwathu, ikani kapu ya madzi m'kabati momwe mukuisunga kuti mtengo wa m'kati usafote n'kung'amba utomoni. Ikabenthuka pakona, musathamangire guluu wa m'sitolo: pakani ki-urushi pa balalo kuti madzi asalowe, mudzaze ndi phala la tonoko, madzi ndi utomoni, liume m'kabati, kenaka mubwereze wakuda ndi wofiira pa kamalo komweko.